Mtundu wa penti ndi kutentha kwa m'kati mwa ngolo yogonamo

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Kasungu, funso lina limabwereranso pakati pa amisiri owotcherera zitsulo, eni timashopu ta m'makontena ndi anthu amene asandutsa ngolo yonyamula katundu kukhala chipinda chogonamo. Funsolo ndi lakuti, kodi mtundu wa penti yopaka kunja umasinthadi kutentha kwa m'kati, kapena ndi nkhani yokongoletsa chabe? Ena amati chitsulo ndi chitsulo, chimatentha ngakhale uchipake mtundu wanji. Ena amalumbirira penti yoyera. Palinso amene amasankha mtundu wakuda dala, poganiza kuti udzawafunditsa usiku wa mu Juni. Aliyense mwa anthuwa wagwira kachidutswa ka choonadi, ndipo mkangano umatalika chifukwa chakuti akunena za nthawi zosiyana ndiponso za mbali zosiyana za bokosi lomwelo.

Bokosi limene tikunena

Ngolo yonyamula katundu ndi bokosi la mateyala lokokedwa ndi galimoto, lotchingidwa mbali zonse ndi chitsulo chopyapyala. Ku America anthu ambiri amagula ngolo zotere n'kuikamo bedi, kashelefu ndi zenera, kuti zikhale ngati kalavani yogonamo paulendo. Kwathu kuno bokosi lotere likhoza kusunga wogula mtedza ndi soya amene wamanga msasa kumudzi nthawi yokolola, wogwira ntchito ya msewu, kapena mlendo wopita kukaona nyama ku Lifupa. Vuto lake n'lakuti linapangidwira katundu, osati munthu. Khungu lake nthawi zambiri ndi aluminiyamu yosakwana milimita imodzi kuchindikala, yokhomeredwa pa mafelemu achitsulo, ndipo m'kati mumangokhala pulayiwudi yopyapyala. Kontena ya pa sitima yapamadzi ili ndi chitsulo chochindikalapo, koma pa nkhani ya dzuwa imachita chimodzimodzi, choncho zonse zimene zikufotokozedwa pano zikukhudzanso mwini shopu ya m'kontena.

Zimene dzuwa limabweretsa

Masana kukakhala kopanda mitambo, dzuwa lili paliwombo, malo a sikweya mita imodzi amalandira mphamvu pafupifupi mawati 1,000. Wati ndi muyeso womwe uja wolembedwa pa babu kapena pa ketulo yamagetsi. Ngolo yapakatikati, ya mamita 1.8 m'lifupi ndi 3.7 m'litali, ili ndi denga la masikweya mita pafupifupi 6.7, kutanthauza kuti pa dengalo pamagwa mawati oposa 6,500. Pa kontena ya mafiti 20, imene denga lake limayandikira masikweya mita 15, pamagwa mawati pafupifupi 15,000.

Si mphamvu yonseyi imene maso athu amaiona. Kuwala kooneka n'kosakwana theka. Magawo pafupifupi 5 pa 100 ndi cheza chotchedwa ultraviolet, chimene chimasukulutsa nsalu ndi penti. Pafupifupi theka lonse ndi cheza china chosaoneka chotchedwa infrared, chimene katswiri wa zakuthambo William Herschel anachitulukira mu 1800 pamene anagawa kuwala kwa dzuwa m'mitundu ya utawaleza, n'kuika choyezera kutentha kupitirira pang'ono pamene mtundu wofiira unathera, ndipo anaona kuti chikukwera ngakhale kuti pamalopo panalibe kuwala kooneka. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga, chifukwa ikutanthauza kuti diso limangotiuza theka la nkhani ya penti iliyonse.

Kubweza ndi kumwa kuwala

Kuwala kukagwa pa chitsulo kumachita chimodzi mwa ziwiri: kumabwezedwa, kapena kumamwedwa n'kusanduka kutentha. Chinthu chimaoneka choyera chifukwa chimabweza pafupifupi mitundu yonse ya kuwala, ndipo chimaoneka chakuda chifukwa chimamwa pafupifupi yonse. Mwana aliyense amene anawolokapo msewu wa phula wopanda nsapato masana a chilimwe amadziwa zimenezi ndi mapazi ake, monganso mayi amene wayanika ufa pa mphasa amadziwa kuti ufawo sutentha ngati mphika wakuda umene waiwalidwa pabwalo pomwepo.

Penti yoyera yatsopano imabweza magawo pakati pa 70 ndi 85 pa 100 a mphamvu ya dzuwa. Yakuda imabweza pafupifupi magawo 5 okha. Mitundu ina imagwera pakati: yotuwa mopepuka ndi yonga mkaka imayandikira koyera, pamene yobiriwira kwambiri, yabuluu wakuda ndi yofiirira imayandikira kokuda kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Tikabwerera ku ngolo yathu ija, denga lakuda lomwa magawo oposa 90 pa 100 limatenga mawati pafupifupi 6,000, ofanana ndi maketulo atatu a mawati 2,000 oyaka nthawi imodzi pamwamba pa mutu wa munthu. Denga loyera lomwa magawo 25 pa 100 limatenga mawati osakwana 1,700, osafika ngakhale pa ketulo imodzi. Kutentha konseku sikulowa m'kati, chifukwa kochuluka kumatengedwa ndi mphepo yakunja, koma chitsulocho chimayenera kutentha kaye kufikira pamene chikutaya mphamvu yofanana ndi imene chikulandira. Ofufuza a ku Lawrence Berkeley National Laboratory ku California, amene akhala akuyeza madenga kwa zaka zambiri, amanena kuti masana otentha denga loyera lobweza magawo 80 pa 100 limakhala lozizirirapo ndi madigiri pafupifupi 30 poyerekeza ndi denga lotuwa lobweza magawo 20 okha.

Kuyera kwa penti zambiri kumachokera ku ufa wotchedwa titanium dioxide, umene umamwaza kuwala mwamphamvu. Koma popeza theka la mphamvu ya dzuwa silioneka, opanga penti anapeza njira yopangira mitundu yakuda imene imabweza infrared. Zitini ziwiri zikhoza kuoneka zobiriwira mofanana, chimodzi n'kumatentha kwambiri kuposa chinzake. Penti zoterezi zimachepetsadi kutentha poyerekeza ndi zinzake za mtundu womwewo, ngakhale kuti sizifika pa yoyera. Pa zitini zina ndi pa malata ena opangidwa kunja pamalembedwa nambala yotchedwa SRI, imene ndi muyeso wa mmene chinthu chimakanira kutentha padzuwa: chakuda chenicheni chimapatsidwa 0, choyera choyezera chimapatsidwa 100, ndipo nambala ikakwera ndiye kuti chinthucho chimakhala chozizirirapo. Mu 2021 ofufuza a pa Purdue University, motsogozedwa ndi Xiulin Ruan, analengeza penti yoyera yopangidwa ndi barium sulfate yobweza magawo oposa 98 pa 100, zimene zikusonyeza kuti ngakhale pakati pa penti zoyera pali kusiyana.

Chitsulo chonyezimira chimanyenga maso

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo kusokonezekako n'komveka. Munthu amaona malata atsopano akunyezimira mpaka kuthobwa m'maso, n'kuganiza kuti palibe chifukwa chowapaka penti, popeza akubweza kale kuwala. Koma akawagwira masana amapsa nawo dzanja. Chifukwa chake n'chakuti kubweza kuwala ndi mbali imodzi chabe. Mbali inayo ndi kutulutsa kutentha kumene chinthu chamwa kale.

Chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa kutentha ngati cheza chosaoneka, monga mmene timamvera moto wa mbaula pankhope tisanaukhudze. Akatswiri amayeza luso limeneli ndi nambala yotchedwa emissivity, yoyambira pa 0 kufika pa 1. Penti wamba pafupifupi iliyonse, yoyera kapena yakuda, ili pafupi ndi 0.9, kutanthauza kuti imatulutsa kutentha mosavuta. Aluminiyamu yosapaka yonyezimira ili pansi pa 0.1, ndipo malata atsopano osapaka nawonso ali pansi kwambiri. Chitsulo chotere chimabwezadi gawo lalikulu la dzuwa, koma kachigawo kamene chamwa chimakaumirira, ngati munthu wolandira malipiro ochepa koma wosagula kanthu, amene pakutha pa chaka thumba lake limadzaza ndithu. N'chifukwa chake denga lopakidwa penti yoyera limazizira kuposa denga lachitsulo chosapaka, ndipo malatawo akamakalamba n'kuchita bii kapena kugwira dzimbiri, kusiyanako kumakulirakulira.

Zimenezi zikukhudza ngolo mwachindunji, chifukwa ngolo zambiri zimatuluka m'fakitale makoma ali opakidwa bwino koma denga lili chitsulo chosapaka. Wogula amakangana ndi mnzake za mtundu wa makoma amene amawaona, osakwera n'komwe kukayang'ana pamwamba pamene dzuwa lamasana limafikira. Khalidwe lomweli la chitsulo chonyezimira limathandiza likakhala m'kati: pepala la aluminiyamu loikidwa pansi pa denga silitulutsira kutentha kwambiri m'chipinda, malinga ngati pali mpata wa mpweya kumbali yake yonyezimirayo. Likapanikizidwa pakati pa malata ndi thabwa popanda mpata, ntchito yake imatha.

Kuchokera pa denga kufika pa bedi

Chitsulo chikatentha kunja, kutenthako kumalowa m'njira zitatu. Kumadutsa m'chitsulo mwenimwenimo, monga supuni yosiyidwa mu tiyi imatenthera mpaka kuchigwiriro. Kumatenthetsa mpweya wokhudzana ndi denga. Kumawombanso munthu ngati cheza chochokera ku denga ndi makoma, ndipo njira yachitatuyi ndi imene imachititsa kuti munthu azimva ngati mutu ukuwotchedwa ngakhale chitseko chili chotsegula. Chitsulo chimadutsitsa kutentha kuposa thabwa maulendo oposa 300, ndipo aluminiyamu imaposanso chitsulo wamba pafupifupi kanayi, choncho khungu lopyapyala la ngolo silichedwetsa kanthu. Kunja kukatentha, m'kati mwa khungulo mwatentha nthawi yomweyo.

Komabe kusiyana kwa mpweya wa m'kati kumakhala kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa pa chitsulo, ndipo apa amene amati penti siithandiza kwambiri ali ndi mfundo. Mu kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2011, gulu lotsogozedwa ndi Ronnen Levinson linaimika padzuwa ku Sacramento magalimoto awiri ofanana a Honda Civic, ina yakuda, ina yasiliva. Denga la yakuda linkafika potentha kuposa la inzake ndi madigiri 25, koma mpweya wa m'kati unasiyana ndi madigiri 5 kapena 6 okha. Galimoto ili ndi magalasi ambiri olowetsa dzuwa mosasamala mtundu wa penti, pamene ngolo yopanda mazenera imadalira kwambiri khungu lake, motero mtundu umakhala ndi mphamvu yokulirapo pa ngolo. Ngakhale zitakhala madigiri 5 okhawo, si ochepa. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37, ndipo mpweya ukamayandikira pamenepo thupi limavutika kutaya kutentha kwake, makamaka kwa ana aang'ono ndi okalamba. Mankhwala ambiri amalembedwa kuti asungidwe pansi pa madigiri 25 kapena 30, ndipo mbewu yosungidwa motentha imataya mphamvu yomera msanga. Kwa wogulitsa mbewu m'kontena, madigiri ochepawo akhoza kukafika mpaka m'munda wa mlimi amene wagula.

Chimene chimasintha kwambiri kuwerengera konseku ndi zotchinga kutentha zoikidwa pakati pa khungu ndi pulayiwudi, monga mabolodi opepuka a polystyrene kapena ubweya wagalasi, zimene amisiri amazitcha insulation. Zotchingazi zikachindikala, mtundu wakunja umachepa mphamvu, chifukwa kutentha kwa khungu kumalowa pang'onopang'ono. Ngolo yakuda yotchingidwa bwino ikhoza kukhala yabwinopo masana kuposa yoyera yosatchingidwa. Koma mafelemu achitsulo amakhala ngati milatho yowolotsa kutentha kudutsa zotchingazo, ndipo munthu akayendetsa dzanja pa khoma la m'kati masana amamva mizere yotentha pamalo pamene pali felemu. Ngolo yakuda imakhala ndi mizere yotentha kwambiri kuposa yoyera, ngakhale zonse zitatchingidwa mofanana.

Njira ya dzuwa pamwamba pa Kasungu

Malangizo ambiri a nkhaniyi amalembedwa ndi anthu a kumpoto kwa dziko lapansi, kumene dzuwa limapendekera kummwera chaka chonse. Kwathu si choncho. Kasungu ali pafupifupi madigiri 13 kummwera kwa mzere wogawa dziko pakati, ndipo pamalo otere dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale. M'Febuluwale mitambo ya dzinja imatiteteza masiku ambiri. Kumapeto kwa Okutobala mvula imakhala isanakhazikike, thambo lili mbee, mitengo yambiri ilibe mthunzi wokwanira, ndipo dzuwa limamenya denga molunjika pa nthawi yomwe mpweya uli wotentha kale. M'masabata amenewa makoma amalandira dzuwa lochepa masana enieni, katundu yense amasenzedwa ndi denga. Munthu amene ali ndi ndalama ya chitini chimodzi chokha cha penti yoyera amapindula kwambiri akachithera pamwamba.

Makoma ali ndi nthawi yawo. La kummawa limawombedwa m'mamawa kukadali kozizirirapo, pamene la kumadzulo limawombedwa chakumadzulo, bokosi lonse litatentha kale, ndipo ndi limene limachititsa kuti chipinda chikhalebe chofunda nthawi yokagona ikamayandikira. N'chifukwa chake kaimikidwe ka ngolo kali ndi mphamvu yofanana ndi kusankha mtundu: ikaimikidwa kuti mbali zake zazifupi ziyang'ane kummawa ndi kumadzulo, makoma aatali amapewa dzuwa lopendekeka. Wamalonda amene shopu yake iyenera kukhala yofiira kapena yobiriwira kuti makasitomala aizindikire sayenera kutaya mtundu wake, chifukwa palibe kasitomala amene amayang'ana pa denga.

Usiku ndi m'nyengo yachisanu

Maganizo akuti ngolo yakuda imafunda usiku amachokera pa kuona kuti imatentha masana, koma sagwirizana ndi mmene kutentha kumayendera. Dzuwa likalowa, palibenso kuwala koti kubwezedwe kapena kumwedwe, ndipo chimene chatsala ndi kutulutsa kutentha, kumene penti yoyera ndi yakuda zimachita pafupifupi mofanana. Khungu lopyapyala lilibenso posungira kutentha kwa masana monga mmene khoma la njerwa limachitira. Patangopita nthawi yochepa dzuwa litalowa, ngolo ziwirizo zimakhala zitafanana, ndipo mbandakucha wa mu Juni kapena Julayi ogonamo amazizidwa mofanana. Usiku wopanda mitambo denga limatha kuzizira kuposa mpweya wozungulira, n'chifukwa chake mpweya wopuma anthu umasanduka madontho pansi pa chitsulo n'kumadonthera pa bulangeti. Mankhwala a vutoli ndi zotchinga kutentha ndi kampata kolowetsa mpweya, osati mtundu wa penti. Kulowetsa mbaula ya makala m'bokosi lotsekedwa pofuna kufunda n'koopsa kwambiri, chifukwa makala amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha.

Ubwino weniweni wa mtundu wakuda m'nyengo yachisanu umaoneka m'mamawa, dzuwa likangotuluka, pamene ngolo yakuda imafunda msanga. M'mayiko a chisanu choopsa zimenezi zili ndi phindu loti munthu n'kuliwerengera. Kuno miyezi yozizira ndi yochepa ndipo masana ake amakhala ofunda ndithu. M'miyezi imeneyi dzuwa limapendekera kumpoto, choncho amene akufuna kufunda kwa m'mawa ndi masana akhoza kuyang'anitsa khoma la mtundu woderapo kapena zenera chakumpoto, denga n'kukhalabe loyera.

Fumbi, mthunzi ndi malire a penti

Penti yoyera siikhala yoyera mpaka kalekale, makamaka m'misewu yathu ya fumbi lofiira. Fumbi, utsi wa moto wa m'tchire ndi ndere za nthawi ya mvula zimachepetsa kubweza kwake, ndipo kutsika kwakukulu kumachitika m'chaka choyamba kapena chachiwiri. Kutsuka denga ndi madzi ndi sopo chilimwe chisanafike kumabwezeretsa gawo lalikulu. Njereza nayo imabweza kuwala bwino ndipo ndi yotsika mtengo, koma pa chitsulo siigwira nthawi yaitali, imakokoloka ndi mvula, komanso imadya aluminiyamu, choncho siyoyenera pa khungu la ngolo. Pa malata ndi pa aluminiyamu pamafunika kuyamba ndi penti yapansi yopangidwira zitsulo zoterozo, apo ayi yapamwambayo imasupuka. Kunyezimira kwa makoma oyera kumathanso kuvutitsa maso a oyandikana nawo, ndipo ena amasankha mtundu wonga mkaka pa chifukwa chimenechi, podziwa kuti akutaya pang'ono chabe.

Malire aakulu ndi awa: penti wamba, ngakhale iyere chotani, siingapangitse m'kati kuzizira kuposa mpweya wa pamthunzi kunja. Ntchito yake ndi kuchepetsa kutentha kowonjezera. Tsiku limene pansi pa mtengo pali madigiri 33, ngolo yabwino koposa imangoyandikira 33 yemweyo, ndipo kuti iyandikire pamafunika kuti mpweya wotentha uzituluka pamwamba, wozizirirapo uzilowa pansi. Zenera lagalasi loyang'ana kumadzulo lopanda chotchinga kunja likhoza kuwononga phindu lonse la penti.

Mthunzi umaposa penti iliyonse, chifukwa kuwala kumene sikunafike pa chitsulo sikufunika kubwezedwa. Alimi a fodya kuno amadziwa kale kumanga chigafa cha mitengo ndi udzu chotseguka m'mbali, ndipo denga lachiwiri lotere, lomangidwa pamwamba pa kontena kapena ngolo yokhala malo amodzi nthawi yaitali, ndi mpata woti mphepo izidutsa pakati, limachititsa kuti mtundu wa denga lapansi usakhalenso nkhani yaikulu, kungoti udzu umafuna kusamala ndi moto. Mapanelo a sola oikidwa motukulidwa pang'ono amaphimbanso gawo la denga limene ali, ndipo mpata wa pansi pake umawathandiza iwo eni, popeza panelo ikatentha kwambiri imapereka magetsi ochepa. Ngolo yoyendayenda siinganyamule chigafa, ndipo kumene ikafike kukhoza kukhala kopanda mtengo ndi umodzi womwe, monga zimakhalira pa misika yambiri yogulira mbewu. Pamalo otere chimene chimakumana ndi dzuwa la Okutobala ndi penti yokhayo imene mwini ngolo anapaka asananyamuke.